Kodi Kuwotcha Thupi Lonse N'kutani?

M'gawo lino la sewero lathu la pa wailesi, mayi wothyola tiyi pa esiteti ina ku Thyolo anakana kusaina chikalata atamva kuti mwana wake wodwala khansa ya m'magazi akamuwotcha thupi lonse kunja kwa dziko. Pokambirana kusikelo, amayi ambiri anati nawonso akanakana. Mawu akuti "kuwotcha" ndi amene anawaopsa. Koma pachithandizochi palibe moto ayi.

Magazi amapangidwa m'mafuta a m'kati mwa mafupa. Khansa ikalowamo, mafutawo amapanga magazi oipa. Ana ambiri amathandizidwa ndi mankhwala okha, monga amachitira ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Koma nthendayo ikabwereranso, madokotala angaganize zopha mafuta odwalawo ndi kuika mbewu ya magazi yochokera kwa munthu wina. Inu a kumatiyi mukudziwa kuti tiyi wokalamba amayamba amuzula ndi mizu yomwe asanabzale mbande za ku nazale. Kuwotchaku ndiye kuzulako.

Amagwiritsa ntchito cheza champhamvu chosaoneka, chonga cha ekisire koma choposa kwambiri. Pa khansa zina chezacho amachilunjika pa chotupa pokha. Apa ayi, chifukwa nthendayo imabisala m'mafupa onse ngakhalenso kumene mankhwala safika bwino, monga ku ubongo. Choncho mwana amagona kapena kuimirira patali ndithu ndi makina kuti cheza chimufike kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Pachifuwa amaikapo zotchinga za mtovu poteteza mapapo, amene sachedwa kuwonongeka. Kawirikawiri sapereka mphamvu yonse nthawi imodzi. Amaigawa kasanu ndi kamodzi, m'mawa ndi madzulo kwa masiku 3, kuti ziwalo zabwino zizipuma. Palinso makina ena atsopano amene amazungulira wodwala atagona, n'kumalunjika m'mafupa kwinaku akupewa ziwalo zina.

Mwana samva ululu panthawiyo. Amakhala yekha m'chipinda, ogwira ntchito akumuona pa kanema ndi kulankhula naye. Akatuluka satenga cheza m'thupi, mukhoza kumufungatira.

Zovuta zimabwera pambuyo, ndipo sitikubisirani. Amasanza, kutsekula m'mimba, kutuluka zilonda m'kamwa, kutupa masaya ngati matsagwidi ndi kuthothoka tsitsi. Tsitsi limameranso. Patapita zaka ena amachita ng'ala, ena sakula msinkhu bwino, ndipo ambiri sadzabereka. Mayi ali ndi ufulu wofunsa zimenezi asanasaine. Ana ochepera zaka 3 kawirikawiri sawawotcha, amangowapatsa mankhwala amphamvu.

Mbewu yatsopano imalowa ngati diripi ya magazi, ndipo imatenga milungu 2 mpaka 4 kuti igwire. Masiku amenewo mwana alibe chitetezo n'chimodzi chomwe. Chimfine cha mlendo kapena manja osasamba zikhoza kumupha. Ndiye chifukwa chake achibale amaletsedwa kudzamuona mwaunyinji, ngakhale kwathu kuno zimenezi zimaoneka ngati mwano.

Wopereka mbewu woyenera amakhala mbale wa bere limodzi ndi bambo mmodzi, komabe pa abale anayi, mwina mmodzi yekha ndi amene amafanana ndi wodwalayo. Woperekayo mafuta ake amabwerera pa milungu yochepa.

Makina owotchera khansa anayamba kugwira ntchito ku Blantyre mu 1 mwa zipatala zake mu 2024, koma oika mbewu ya magazi amapitabe kunja, monga ku India kapena ku Groote Schuur ku Cape Town, ndipo ndalama zake n'zambiri. Kwa ife ulendo umayambira kusikelo. Mwana akamayera m'manja, kutuluka magazi m'nkhama, kudandaula mafupa usiku, kutupa mwanabere kapena kutentha thupi kosamva mankhwala a malungo, musadikire tsiku la malipiro. Pitani naye kukiliniki ya pa esiteti, ku Malamulo kapena ku chipatala cha boma ku Thyolo, ndipo mupemphe kuti amuyeze magazi onse, osati malungo okha.