Dzina lanu limasungidwa kuti? Kusiyana kwa workgroup ndi domain

Masabata angapo apitawo mayi wina anabwera ku chipinda cha makompyuta komwe ndimathandiza mongodzipereka. Lolemba anali atalemba kalata yofunsira ntchito pa kompyuta ya pafupi ndi chitseko. Atabweranso Lachitatu anapeza pamenepo pali munthu, ndiye anakakhala pa kompyuta ya pakona. Analemba dzina lawo ndi pasiwedi, koma kompyuta inakana. Anayesa katatu, osatheka. Tinawatsegulira ndi akaunti ya ophunzira, koma kalata ija sinaoneke. "Achimwene, wina wandifufutira kalata yanga," anatero mayiwo, ndipo tsiku lomaliza lopereka makalatawo linali mawa lake.

Palibe amene anafufuta kanthu. Kalatayo inali bwinobwino pa kompyuta ya pafupi ndi chitseko, ndipo dzina lawo nalonso linali komweko. Makompyuta a m'chipinda chathu ali mu workgroup, sali mu domain. Mawu awiriwa amamveka ngati a akatswiri okhaokha, koma akukhudza aliyense amene amagwiritsa ntchito kompyuta yomwe si yake, ndipo ambiri a ife muno mumsasa ndife otero.

Makompyuta akalumikizidwa ndi mawaya kapena Wi-Fi kuti azitumizirana mafayilo ndi kugwiritsa ntchito pulinta imodzi, timati ali pa netiweki. Akalumikizana chonchi pamabuka funso lakuti: ndani azisunga mndandanda wa anthu ololedwa kulowa? Pa makompyuta a Windows mayankho odziwika kwambiri ndi awiri. Mu workgroup, kompyuta iliyonse imasunga mndandanda wakewake. Mu domain, mndandanda ndi umodzi ndipo umasungidwa pamalo amodzi. Kusiyana kwina konse kumachokera pamenepa.

Workgroup: aliyense ndi kope lake

Taganizirani maokala a pamsika. Mwini okala aliyense ali ndi kope lake la anthu amene amawakongoza. Mukalembedwa m'kope la okala imodzi sizitanthauza kuti okala yoyandikana nayo ikudziwani. Mukafuna kuti nayo izikupatsani sopo pangongole, muyenera kukalembetsanso kumeneko.

Workgroup imayenda chimodzimodzi. Makompyuta onse ndi ofanana mphamvu, palibe yolamulira inzake. Akaunti imene yatsegulidwa pa kompyuta imodzi imagwira pa kompyuta yomweyo basi. Ngati m'chipinda muli makompyuta 8 ndipo mukufuna kumalowa pa iliyonse ndi dzina lanu, wina ayenera kukutsegulirani akaunti maulendo 8. Mukasintha pasiwedi pa imodzi, zina 7 zija zimatsalabe ndi yakale.

Kompyuta ya Windows ikangoikidwa kumene imakhala kale mu gulu lotchedwa WORKGROUP. Dzinali ndi chizindikiro chabe, gululo lilibe pasiwedi yake. Njirayi ndi yakale ndithu: kampani ya Microsoft inatulutsa Windows for Workgroups m'chaka cha 1992. Ubwino wake ndi wakuti safuna ndalama zowonjezera kapena katswiri wokhala pamalopo tsiku ndi tsiku, ndipo kompyuta imodzi ikawonongeka zinazo zimapitiriza ntchito. Koma ili ndi malire. Kuyambira pa Windows 7 kufika pa Windows 11, kompyuta wamba imalola makompyuta ena osapitirira 20 kulumikizana nayo nthawi imodzi potenga mafayilo kapena kusindikiza. Nchifukwa chake workgroup imayenera pakhomo, pa kashopu kosindikiza zikalata, kapena m'chipinda chaching'ono ngati chathu.

Domain: kaundula mmodzi

Tsopano taganizirani za kalembera amene tonse timamudziwa. Munthu amalembetsa kamodzi, dzina lake n'kulowa m'kaundula. Wogwira ntchito amene akufuna kutsimikiza kuti ndinu ndani sadalira kope la m'thumba mwake, amayang'ana m'kaundula yemweyo.

Mu domain muli kompyuta yapadera, seva, yotchedwa domain controller. Iyi ndi imene imasunga mayina a anthu, mapasiwedi awo ndi mayina a makompyuta onse a bungwe. Pulogalamu imene imagwira ntchitoyi pa maseva a Windows imatchedwa Active Directory, ndipo inayamba ndi Windows 2000 Server. Mukalemba dzina ndi pasiwedi pa kompyuta iliyonse ya mu domain, kompyutayo imakafunsa seva. Seva ikavomera, mwalowa. Choncho dzina limodzi limagwira pa makompyuta ambiri, ngakhale akhale m'maofesi a m'mizinda yosiyana.

Woyang'anira netiweki amathanso kuika malamulo kamodzi n'kufika pa makompyuta onse, pogwiritsa ntchito chida chotchedwa Group Policy. Akhoza kulamula kutalika kwa pasiwedi, kuletsa kuika mapulogalamu atsopano, kapena kuletsa mafulashi. Ngati munagwirapo ganyu mu ofesi yaikulu n'kupeza kuti kompyuta ikukana fulashi yanu, mwina siinali yowonongeka, linali lamulo lochokera ku seva. Munthu akasiya ntchito, akaunti yake imatsekedwa pamalo amodzi ndipo salowanso pena paliponse. Mu workgroup mungafunike kuyenda kompyuta ndi kompyuta, ndipo mukaiwala imodzi ndiye kuti khomo latsala lotsegula.

Pali chinthu chimodzi chimene ambiri amalakwitsa. Mu domain dzina lanu limakutsatirani, koma mafayilo anu sakutsatirani okha. Amapezeka pa kompyuta ina pokhapokha ngati woyang'anira anakonza zoti azisungidwa pa seva, kapena ngati inuyo munawasunga mu foda ya pa netiweki. Ngakhale mu domain, mayi aja akanatha kulowa pa kompyuta ya pakona koma osaipeza kalata yawo.

Domain ili ndi mtengo wake. Imafuna seva, chiphaso cha Windows Server, magetsi odalirika ndi munthu wodziwa kuisamalira. Si Windows iliyonse imene ingalowe mu domain: ya Home singathe, koma ya Pro, Enterprise ndi Education zimatha. Seva ikazima, amene analowapo kale pa kompyuta ina yake amathabe kulowa pa yomweyo, chifukwa Windows imakumbukira anthu amene analowa posachedwa, koma munthu watsopano sangalowe. Ngakhale wotchi imakhudzidwa. Njira yotsimikizira anthu mu domain imatchedwa Kerberos, ndipo mwachizolowezi salola kuti nthawi ya pa kompyuta isiyane ndi ya pa seva kupitirira mphindi 5. Pa makompyuta akale omwe kabatire kake ka mkati kanatha, tsiku ndi nthawi zimasokonekera magetsi akazima, ndipo munthu akhoza kuvutika kulowa pasiwedi ili yolondola.

Mungadziwe bwanji?

Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani sysdm.cpl kenako dinani Enter. Pa tsamba la Computer Name muona mawu akuti Workgroup kapena Domain ndi dzina lake. Njira ina ndi kutsegula Command Prompt n'kulemba whoami. Zimene zituluke zili ndi mbali ziwiri zolekanitsidwa ndi kamzere kopendekera. Ngati mbali yoyamba ndi dzina la kompyutayo, mwalowa ndi akaunti ya pa kompyuta yomweyo. Ngati ndi dzina la domain ya bungwe, akaunti yanu ili ku seva.

Musasokonezeke ndi mawu akuti domain amene mumawamva pa nkhani za intaneti, monga mayina a mawebusaiti othera ndi .org kapena .mw. Amenewo ndi maadiresi. Domain ya mu ofesi nayo imakhala ndi dzina looneka choncho, koma ntchito yake ndi kusunga kaundula wa anthu ndi makompyuta. Masiku ano mabungwe ena amasunga kaundulayu pa intaneti kudzera mu Microsoft Entra ID, yomwe mpaka 2023 inkatchedwa Azure Active Directory. Mfundo yake ndi yomweyo: mndandanda umodzi, woyang'aniridwa pamalo amodzi.

Zoyenera kuchita

Mukamagwiritsa ntchito kompyuta ya gulu, musasiye kalata yanu pa kompyutapo n'kumayembekeza kuti mukaipeza pa ina. Isungeni pa fulashi, kapena dzitumizireni pa imelo yanu musananyamuke. Ngati anthu ambiri amalowa ndi akaunti imodzi, chilichonse chimene mwasiya chikhoza kuonedwa ndi amene akhalepo pambuyo panu. Zithunzi za ziphaso zanu, makalata a kuchipatala ndi mapepala okhudza nkhani yanu yopempha chitetezo musazisiye mu Downloads kapena pa Desktop. Zifufuteni, mukhuthulenso Recycle Bin, ndipo tulukani mu imelo ndi mu Facebook. Mukafuna kuchoka pang'ono, dinani batani la Windows pamodzi ndi L kuti kompyuta ikiyike.

Mukaiwala pasiwedi, dziwani kopita. Mu workgroup, angakuthandizeni ndi amene ali ndi akaunti ya woyang'anira pa kompyuta yomweyo. Mu domain, pitani kwa woyang'anira netiweki wa bungwelo, chifukwa mnzanu wokhala naye pafupi alibe mphamvu imeneyo. Dziwaninso kuti konsekonse woyang'anira amatha kuona mafayilo a pa kompyuta imene akuyang'anira. Kompyuta ya kuntchito si malo osungirapo zinsinsi za banja.

Kwa amene mukusonkhanitsa ndalama zogulira laputopu yakale, chenjezo langa ndi ili. Malaputopu ena ogwiritsidwa kale ntchito amakhala akadali olumikizidwa ku domain ya kampani imene ankagwirako. Mukayatsa mumapeza akufunsa dzina ndi pasiwedi ya kampani imene simukuidziwa. Musapereke ndalama wogulitsayo asanailowe inu mukuona, asanakuonetseni kuti ili mu workgroup, komanso asanakupatseni akaunti ya woyang'anira. Funsaninso kumene inachokera, chifukwa laputopu yokiyidwa chonchi ikhoza kukhala yobedwa.

Mayi aja anadikira mpaka kompyuta ya pafupi ndi chitseko itapezeka. Analowa ndi pasiwedi yomwe ija, kalata yawo n'kuipeza, ndipo tinaisindikiza tsiku lomwelo. Asanapite anadzitumizira kalatayo pa imelo. Mukabwera ku chipinda cha makompyuta ndipo simukudziwa kumene fayilo yanu ikusungidwa, tifunseni musanayambe kulemba.