Dontho limodzi m'diso

Kale ukafika kwa azakhali ku Zóbuè mu Okutobala, nkhuku unkaidya m'mawa, masana ndi madzulo, koma palibe ankaseka. Tinkazinga mothamangitsana ndi chitopa. Tambala ali zyoli pansi pa nkhokwe, mapiko agwa ngati wavala jekete yobwereka, zitosi zobiriwira, khosi lapotokola. Sabata isanathe m'khola mwatsala nthenga zokhazokha.

Sikuti azakhali ankangokhala. Tsabola, phulusa, makapisozi ogula pamsika, zonse ankasungunulira m'madzi a nkhuku, ndalama n'kumangopita. Makapisoziwo ndi a mabakiteriya, pomwe chitopa ndi vairasi: kaulusi ka RNA kokulungidwa m'chikopa chamafuta, chikopacho chakuba, chochita kusenda pa selo la nkhuku yomweyo. Kunja kuli timinga tomatira selo lina. Kakangolowa, selolo limasiya ntchito yake n'kuyamba kuswa mavairasi anzake. Komatu kameneka n'kovala bwino! Viroid, yomwe Theodor Diener anaitulukira mu 1971 m'matenda a mbatatesi, imayenda maliseche, RNA yokhayokha. Prion ya misala ya ng'ombe ilibe n'komwe RNA, ndi puloteni yopindika molakwika basi.

Ndiye kunabwera wakatemera pa njinga, kabotolo atakakulunga m'kansalu konyowa. Anali I-2, katemera wochokera ku University of Queensland, ku Australia, yemwe amapangidwanso ku Maputo ndipo safa msanga ndi kutentha. Nayenso ndi vairasi ya chitopa, yamoyo koma yofatsa, yoti thupi la nkhuku liphunzirepo timinga tija, chenichenicho chikabwera chipeze pakhomo pali alonda. Dontho limodzi m'diso, kubwereza miyezi inayi iliyonse.

"Iwe mwana wa achimwene," anandinong'oneza azakhali, "nkhuku ikutsegula m'mimba, mankhwala n'kuthira m'diso? Kusukulu kuja munkaphunzira zimenezi?"

Anapereka zisanu zokha, zinazo anazibisa kukhitchini. Chilimwe chitafika, zobisidwazo zinapita zonse. Zisanu zija zinkangopalasa pabwalo ngati sizikumva za maliro.

Pitani lero mukaone! Thadzi lina likufungatira m'dengu la ufa, lina laswera pansi pa bedi, anapiye piyepiye mpaka m'bafa. Mphasa yoyanikapo chimanga imafuna mwana wa ndodo. Pakhomo pali mbuzi ziwiri zogula ndi ndalama za nkhuku, ndipo azakhali omwe aja ndiwo amayenda khomo ndi khomo kukalipira anzawo: "Amayi, katemera ndi wa nkhuku yamoyo, osati yogwa kale mapiko!"

Nditawachezera, pobwerera ku Moatize ndinakwera chapa ndi tambala wofiira pansi pa mpando, ndipo analira njira yonse mpaka kondakitala anafuna kumulipiritsa. Musaganize kuti inali mphatso. Azakhali anawerenga mametikali anga kawiri, kenako n'kumanga pansonga ya chitenje.