Kuteteza Magetsi a Galimoto ku Madzi m'Mapiri a Dowa ndi Ntchisi

Mvula ikayamba m'mwezi wa Novembala, misewu yadothi ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi imasanduka matope, ndipo timitsinje timene tinaphwa m'chilimwe timasefukira mwadzidzidzi. Komabe galimoto zonga Land Rover ndi Land Cruiser sizileka kuyenda, pakuti feteleza ayenera kufika ku Malomo ndi ku Nthondo, ndipo mayi wodwala ayenera kufika kuchipatala ku Madisi usiku womwewo. Kaŵirikaŵiri chimene chimaimitsa galimoto zotere si kuya kwa mtsinje ayi, koma madontho ochepa oloŵa m'magetsi a injini.

Batire ya galimoto ili ndi mphamvu ya mavoti 12. M'injini ya petulo, koilo imakweza mphamvuyi kupitirira mavoti 10,000 kuti mapulagi athethetse moto. Magetsi amphamvu chotere amatsata njira yapafupi. Chinyezi chikakhala pa mawaya kapena m'chivindikiro cha distributor, magetsi amathaŵira ku chitsulo cha injini osafika ku mapulagi, injini n'kuzima. Galimoto zatsopano za dizilo nazonso zili ndi vuto lake, chifukwa zimalamulidwa ndi kakompyuta kamene kamaonongeka kakanyowa.

Tsono ntchito yoteteza iyenera kuchitika mu Okutobala, mvula isanagwe. Makaniko ayambe wachotsa mawaya onse ong'ambika. Polumikiza waya aotcherere ndi mtovu ndi kuvekapo kapaipi kapulasitiki kofota ndi moto, popeza tepi imamatuka ikanyowa. M'malo olumikizirana mawaya apakemo girizi wa silikoni. Girizi wamba amafeŵetsa labala ndi kumuononga. Mitu ya batire ndi waya wopita ku chitsulo cha galimoto zipalidwe mpaka ziŵale. Mawaya olendeŵera amangidwe m'mwamba, kutali ndi matayala. Koma distributor asaitseke kotheratu, chifukwa imafuna kaboo kopumira.

Pofika pamtsinje, woyendetsa wanzeru amatsika ndi kuyesa madzi ndi ndodo. Ngati akuthamanga kapena afika pamene injini imakokera mpweya, amadikira kuti aphwe. Akaona kuti n'kotheka kuoloka, amaloŵa pang'onopang'ono ndi giya yotsika, osaima pakati, kuti fani isamwaze madzi pa mawaya.

Injini ikazimira m'madzi, asayese kuilizanso. Madzi sapanikizika monga mpweya, ndipo akaloŵa m'masilinda amapinda zitsulo zogwira mapisitoni. Galimoto ikokedwere kumtunda, waya wa batire achotsedwe, mapulagi amasulidwe kuti madzi atuluke, ndipo zonse ziume bwino. Mafuta a injini akaoneka otuŵa ngati mkaka, athiridwe ena galimoto isanayende.

Girizi ndi mawaya atsopano mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi injini yopindika zitsulo, ndipo wodwala amene ali m'galimoto sangathe kudikira makaniko wochokera ku Mponela mpaka kutacha.