Mlangizi akasamuka, nzeru zake zimatsalira ndani?

Mwana akabwera kutchuthi ku Mponela kapena ku Malomo n'kunena kuti ku yunivesite akuphunzira kasungidwe ndi kagawidwe ka nzeru m'mabungwe, akuluakulu amangoti, "Basi, udzakhala wosunga mafayilo." Sikuti alakwitsa kotheratu, poti kuno kwathu phunziroli limayendera limodzi ndi maphunziro a zamalaibulale, monga a ku Mzuzu University. Koma fayilo ndi kachigawo chabe. Funso lomwe ophunzirawa amalimbana nalo ndi lakuti: munthu akachoka pantchito, zomwe amadziwa zija zimatsala kapena amapita nazo?

Tengani mlangizi wa zaulimi amene wakhalitsa kudera la zaulimi (EPA) la Nachisaka ku Dowa kapena la Chikwatula ku Ntchisi. M'malipoti ake muli mahekitala, matumba ndi mayina a makalabu. Koma mwiniwakeyo amadziwanso kuti dambo lakutilakuti limasefukira mu Febuluwale, kuti mfumu yakutiyakuti siyankha nkhani usanayambe waonana ndi nduna zake, ndiponso kuti msonkhano ukaukhazika tsiku la msika udzangolankhula ndi mabenchi. Kalata yomusamutsa ikafika, amapereka makiyi, njinga yamoto ndi pepala lowerenga mipando ndi matebulo. Wolowa m'malo mwake amataya nyengo yathunthu ya ulimi akuphunzira zomwe mnzake akanamuuza masana amodzi. Katundu wa ofesi timamuwerengera mosamala ndithu, pomwe chuma chenichenicho chakwera lole pamodzi ndi mapoto.

Ena amakhulupirira kuti mankhwala ake ndi kompyuta. Zoona, kompyuta yathandiza. Unduna wa Zaumoyo umagwiritsa ntchito DHIS2, pulogalamu yomwe inapangidwa ku University of Oslo, ndipo manambala ochokera m'zipatala zazing'ono amafika kuboma ndi ku Lilongwe osadikira galimoto. Koma pulogalamuyo imangokuuzani kuti ana angati sanalandire katemera. Chifukwa chake chili ndi mlangizi wa zaumoyo amene amakwera mapiri panjinga, amene akudziwa ngati ndi mtsinje wodzaza, chiphunzitso cha mpingo wina, kapena mawu achipongwe omwe amayi anauzidwa kusikelo.

Apa ndi pomwe phunziroli limakoma. Michael Polanyi anafotokoza mu 1966 kuti nzeru zambiri za munthu zimakhala m'manja ndi m'maso, mwakuti ngakhale mwiniwake zimamukanika kuzilongosola. Mu 1995, Ikujiro Nonaka ndi Hirotaka Takeuchi anatulutsa buku la The Knowledge-Creating Company, momwe muli nkhani ya kampani ya Matsushita ya ku Japan. Makina ake opangira buledi ankalephera kukanda bwino ufa, mpaka wogwira ntchito pakampaniyo, Ikuko Tanaka, anapita kukagwira ntchito pambali pa katswiri wa buledi ku Osaka International Hotel. Kumeneko anaona kuti mkuluyo pokoka ufa wokandawo amaupotolanso. Atakonza makinawo kuti azitero, buledi anayamba kukoma. Mlimi wa fodya wa bale ku Madisi sangadabwe nazo. Amalowa m'chigafa m'mamawa, kugwira tsamba ndi zala, n'kudziwa kuti lafewa bwino loti n'kusankha popanda kuthetheka. Mufunseni akulembereni papepala, muona.

Choncho nawonso amene amati "tingolemba zonse" amaphonya. Zina zimalembeka, zina zimafuna kuti wophunzira akhale pambali pa wodziwa.

N'chifukwa chake sindivomereza kuti izi n'zachizungu. Namkungwi salangiza yekha. Pamakhala wina amene akuonera kuti adzatenge udindowo. Ndondomeko ya alimi achitsanzo imayendanso chimodzimodzi: kuumitsa mtedza mounjika bwino kuti usachite chuku munthu amakumvetsa akaona pamunda pa mnzake, osati pa bolodi. Ngakhale sukulu za alimi za m'munda, zomwe bungwe la FAO linayambitsa ku Indonesia mu 1989, zinangotsata nzeru yomweyi. Chomwe yunivesite imawonjezera ndi njira zoti bungwe lizichita zimenezi mwadala, osangodalira mtima wabwino wa munthu mmodzi.

Pali chikhulupiriro china chomwe anthu sachitchula pagulu: ukaphunzitsa mnzako, mawa akulanda mpando. Ichi sindingachitaye chonse. Pomwe wodziwa yekha ndiye amaitanidwa ku maphunziro ku malo ogona alendo a pa Mponela n'kubwerako ndi alawansi, kubisa nzeru kumapindulitsa. Amabwerera ndi chikwama ndi kabuku, kabukuko n'kukagona m'dirowa, anzake osamvako kanthu. Kulalikira za mtima wogawana sikungasinthe zimenezi. Chimene chimasintha ndi lamulo la pamalo: wopita ku maphunziro azifotokozera anzake asanatumizidwenso kwina, ndipo pokweza anthu pantchito aziwerengeranso amene iye wawaphunzitsa.

Komanso tisapeputse mafayilo aja. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza zidziwitso la 2017, lomwe linayamba kugwira ntchito mu Sepitembala 2020, limafuna kuti maofesi aboma azisunga zolemba ndi kuzipereka kwa wozipempha. Ofesi yomwe mapepala ake adyedwa ndi chiswe ilibe chopereka, ndipo ku National Archives ku Zomba sikungafike kanthu.

Wophunzira kasungidwe ndi kagawidwe ka nzeru atalembedwa ntchito ku khonsolo ya Dowa kapena ya Ntchisi, sangayambe n'kupempha makompyuta. Angafunse kaye mayina a onse amene akupuma pantchito chaka chino ndi amene akusamutsidwa, kenako n'kupempha abwana kuti wochoka ndi wolowa azikhala limodzi milungu ingapo, aziyendera limodzi midzi, wina akufunsa, wina akuloza. Mtengo wake ndi mafuta a njinga yamoto ndi kope limodzi.