Njinga za ku Luwawa ndi mutu wanu

Ku nkhalango ya Luwawa, kum'mwera kwa Mzimba, ndinaona njinga zosiyana ndi za akabaza apaboma. Foloko yake ili ndi sipuling'i: tayala likagunda muzu wa paini, folokoyo imafupika, manja osamva kugwedezeka. Mapedulo ena amakola nsapato ndi kachitsulo kapansi pake. Potsika umapotozera chidendene kunja. Ukaiwala, umagwa nayo ngati thumba la chimanga.

Koma chimene ndimasirira kwambiri ndi helemeti. Thovu lolimba lam'kati mwake ndilo limaphwanyika m'malo mwa chigaza, n'chifukwa chake ikamenyetseka pansi kamodzi, mpofunika kugula ina.

Inu opalasa pakati pa Jenda ndi Embangweni, za masipuling'i zisakupwetekeni mutu. Yambani mwagula helemeti.