CHIKWAMA CHOSUNGIRAMO MAKINA OYEZERA MINDA

Nkhani ya pa wailesi, yokambidwa ndi Mlangizi wa Zaulimi

Lero ndifuna tikambirane za kanthu kamene ambiri amakayesa kachabe, ndiko chikwama chosungiramo makina a GPS amene timayezera minda.

Poyamba ndifotokoze za makinawo, chifukwa ena mwa inu munangowaona m'manja mwa mlangizi. Ndi ang'ono, okwana m'dzanja limodzi. Amalandira zizindikiro kuchokera ku masetilaiti a Boma la America amene amazungulira dziko lapansi pa mtunda wa makilomita oposa 20,000 kumwamba. Akamva masetilaiti anai kapena kuposerapo, amadziwa pamene munthu waima. Tsono munthu akayenda nao m'malire a munda mpaka kubwerera pamene anayambira, makinawo amanena kukula kwa mundawo. Kale zizindikirozo ankazisokoneza dala, kotero kuti makina a anthu wamba ankaphonya ngakhale ndi mamita 100. Mu Meyi 2000 Boma la America linaleka kutero, ndipo chiyambire pamenepo amaphonya ndi mamita owerengeka okha. Kuno kwathu a National Statistical Office a ku Zomba anayeza nao minda ya anthu pa kafukufuku wa mabanja wa mu 2010 ndi 2011.

Kudziwa kukula kwa munda si nkhani yamasewera. Mlimi wobzala chimanga mbeu imodzi pa phando, mizere yotalikirana masentimita 75 ndi mapando masentimita 25, afunika mbeu yokwana makilogalamu 25 pa hekitala imodzi. Ngati iye ayesa kuti munda wake ndi hekitala pamene uli theka chabe, adzagula mbeu ndi feteleza zopyola muyeso, mwinanso pa ngongole. Ngati auyesa waung'ono pamene uli waukulu, feteleza adzachepa ndipo chimanga chidzachita chikasu. Kawiri-kawiri makina amakhala amodzi okha, obwerekana anthu ambiri. Akaonongeka mwezi wa Okutobala, mvula iri pafupi, midzi yambiri idzabzala mongoganizira.

ADANI ANAI

Makina otere ali ndi adani anai: kugwa, madzi, fumbi ndi kutentha. Chikwama chabwino ndi chimene chilimbana ndi mdani amene amabvuta kwanuko. Mlangizi wa ku Nsanje kapena Chikwawa aganizire za fumbi ndi dzuwa, pakuti kumeneko kutentha kumapitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala. Wa ku Thyolo ndi Mulanje aganizire za chiperoni chimene chimanyowetsa zinthu pang'ono-pang'ono kwa masiku angapo. Wa m'minda ya mpunga, monga ku Domasi, Likangala kapena Hara, mdani wake ndi madzi ndi matope. Ndipo ife tonse oyenda pa njinga tidziwa m'mene katundu amadumphira pa kaliyala mseu ukakhala wa mabampu.

ZILEMBO ZA PA KATONI

Musanagule chikwama, yambani mwawerenga zimene zalembedwa pa katoni ya makina anu. Mudzapezapo zilembo ziwiri, IP, zotsatiridwa ndi manambala awiri. Nambala yoyamba inena za fumbi, ndipo ikakhala 6 ndiye kuti fumbi silingalowe konse. Yachiwiri inena za madzi. Ikakhala 4, chinthucho chipirira madzi ongowazidwa. Ikakhala 7, chitha kukhala m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30 osalowa madzi. Pamene paikidwa X m'malo mwa nambala, ndiye kuti mbali imeneyo sanaiyese.

Makina a Garmin eTrex 10, amene anatuluka mu 2011, ndi a IPX7. Ichi chitiphunzitsa kuti makina otere saopa mvula kweni-kweni, ngati chitseko cha mabatire ndi kamphira kotseka polowera waya wa kompyuta ziri zotseka bwino. Chimene aopa kopambana ndi mwala woswa galasi. Koma kumbukirani zinthu ziwiri. Mphira imakalamba ndi kung'aluka, kotero makina a zaka khumi sangapirire madzi ngati atsopano. Ndiponso kusalowa madzi si kuyandama iai: eTrex akagwa m'bwato pa nyanja amamira. Alipo ena opangidwira oyenda pa madzi, monga GPSMAP 78, amene amayandama.

MITUNDU ITATU YA ZIKWAMA

Mtundu woyamba ndi jekete ya mphira yofewa imene imabveka makina ngati sokosi, ndi kusiya galasi ndi mabatani poyera. Nchito yake ndi kulandira mphamvu ya kugwa, ndiponso makina saterereka m'dzanja la thukuta. Sankhani yokhuthala m'makona, pakuti chinthu chikagwa kawiri-kawiri chimafikira pa kona. Mkombero wake utukuke pang'ono kuposa galasi, kuti makina akagwa chafufumimba galasi lisakhudze pansi.

Mtundu wachiwiri ndi chikwama cha nsalu yolimba, chokhala ndi siponji mkati, chopisa pa lamba wa m'chiuno. Ichi chisunga makina pamene mulikuyenda kuchoka pa munda wina kupita pa wina, manja anu ali pa nchito zina.

Mtundu wachitatu ndi bokosi la pulasitiki wolimba, monga aja a Pelican, lokhala ndi mkombero wa mphira pa chibvundikiro ndi siponji yochindikala mkati. Limeneli ndi lodula, ndipo makina sangagwire nchito ali momwemo. Koma ndilo loyenera pa ulendo wa njinga yamoto kapena wa pa bwato, ndi posungira makina m'ofesi.

Kwa ambiri a ife, jekete ya mphira ndi chikwama cha pa lamba zikwanira. Ofesi kapena kalabu imene makina ake amayenda m'manja ambiri ichita bwino kuonjezapo bokosi.

YESANI MUSANALIPIRE

Akulu anati chikome-kome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Musagule chikwama chifukwa cha maonekedwe, kapena chifukwa wogulitsa walumbira kuti ndi cholimba. Pitani nao makinawo ku sitolo, ndipo muyese motere.

Choyamba, onani kuti chikwamacho ndi cha mtundu wa makina anu. Jekete ya eTrex sikwana GPSMAP 64, amene ali ndi kamlongoti kotuluka pamwamba. Ikani makina mkati ndi kugwedeza pafupi ndi khutu. Mukamva akugubuduka, chikwamacho ndi chachikulu.

Chachiwiri, dinani mabatani onse makina ali m'jekete. Batani lina likalimba, kapena likamadinika lokha, ikaneni jeketeyo, chifukwa makina adzayaka ali m'thumba ndi kutha mabatire.

Chachitatu, yesani kusintha mabatire. Makina ambiri amadya mabatire awiri a AA, ndipo m'nyengo yoyeza minda mudzasintha kawiri-kawiri. Jekete yobvuta kubvula mudzatopa nayo ndi kuisiya kunyumba.

Chachinai, onani zipi, msoko ndi pomangira chingwe. Pa lamba sankhani chopisa, osati chongopanira, pakuti chopanira chimatsomphoka munthu akawerama kapena akalumpha mgula. Chingwe cha pa mkono kapena cha m'khosi ndi chotsika mtengo kuposa zonse, koma ndicho chimaletsa makina kufika pansi.

Chachisanu, tulukani panja. Yatsani makina opanda jekete muone masetilaiti amene akuwamva, kenaka muwabveke ndi kuonanso. Mphira, nsalu ndi pulasitiki siziletsa zizindikiro, koma chitsulo chimaletsa. Chifukwa chake kanani chiri chonse chokhala ndi chitsulo chophimba kumutu kwa makina. Kananinso chikwama chotsekera ndi maginito ngati makina anu ali ndi kampasi mkati, monga eTrex 30, chifukwa maginito amasokeretsa kampasi.

CHINYONTHO NDI DZUWA

Bokosi limene sililowa madzi silitulutsanso madzi. Mukatsekeramo makina onyowa, chinyontho chidzakhala momwemo ndi kuchititsa dzimbiri pa tizitsulo togwira mabatire. Pukutani makina ndi nsalu youma, ndipo muwasiye pa mthunzi popita mphepo musanatseke. Timapaketi ta mibulu yoyera timene timapezeka m'makatoni a nsapato zatsopano timamwa chinyontho. Ikani kamodzi m'bokosi, koma muike kutali ndi ana. Jekete ya mphira nayonso muziibvula kamodzi pa sabata, chifukwa mchenga umabisala pansi pake ndi kukanda makina.

Chikwama chakuda chimatentha msanga pa dzuwa. Mukakhala ndi mwai wosankha, tengani cha chikasu kapena chofiira, chimene chimaonekanso patali chikagwera m'udzu. Musasiye makina pa kaliyala kapena m'galimoto yotseka masana. Nyengo yoyeza ikatha, chotsani mabatire, pakuti batire lokhalitsa limatuluka madzi amene amadya chitsulo.

NGATI NDALAMA ZACHEPA

Wina adzati, zonsezi tizipeza kuti kuno kumudzi? Musataye mtima. Telala wa pa msika atha kusoka chikwama chabwino ndi nsalu ya tenti yakale kapena ya jinzi, ndi kuika siponji ya matiresi pakati. Mumuuze apime pa makina enieniwo, asoke kawiri m'makona, ndipo kapu yake ikhale yaitali yogwera kutsogolo kuti mvula itsetsereke. Pa ulendo, kontena ya pulasitiki yotseka bwino, yoyalidwa siponji pansi ndi pamwamba, ithandiza ndithu. Jumbo wamba angakupulumutseni mvula ikakupezani pa njira, koma musasungiremo makina usiku wonse chifukwa amachita thukuta mkati.

Mau anga otsiriza ndi awa. Palibe chikwama chimene chingaletse mbala kapena kuiwala. Chuma cheni-cheni chiri m'makinamo ndi miyeso ya minda ya anthu. Tsono madzulo ali onse lembani m'buku dzina la mwini munda ndi kukula kwa munda wake, ndipo mukafika ku ofesi musamutsire zonse mu kompyuta. Wobwereka makina abwereke pamodzi ndi chikwama chake, ndi kubweza zonse pamodzi. Yambani kuona zimenezi tsopano, nyengo yoyeza minda isanafike.