Wothandiza anthu adziwenso kuwerengera ndalama

Achinyamata amandifunsa kuti, "Ku koleji ndikaphunzire za ndalama kapena zothandiza anthu?" Ine ndimati ziwirizi zimakumana pakhomo limodzi.

Taonani Mtukula Pakhomo, amene adayambira ku Mchinji mu 2006. Wophunzira za chisamaliro cha anthu ku Magomero College, ku Chiradzulu, amaphunzitsidwa kuyendera mabanja, kumvetsera agogo olera ana amasiye, kulemba lipoti la mwana wozunzidwa. Koma akafika kumudzi, agogo omwewo akalandira ndalama za Mtukula Pakhomo amamufunsa za banki m'khonde: chiwongoladzanja chikhale chotani, buku lilembedwe bwanji. Apa mpofunika zimene anzake amaphunzira ku Malawi College of Accountancy, monga kulemba zolowa ndi zotuluka komanso kukonza bajeti.

N'chifukwa chake ndimalangiza wofuna ntchito yakumudziyi kuti phunziro la masamu asamalithawe.